Tsiku Loika Mpukutu M'manda

MUTU 6

1. Lonjezo

Sabatiya, mwana wa mlongo wanga, anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene analonjeza. Ine kunalibe. Ndinali ku Alesandriya, mzinda wa ku Iguputo, ndipo za imfa ya bambo anga ndinazimva patatha miyezi isanu kwa munthu wogulitsa mafuta, amene anazinena pakati pa nkhani zina za mphepo ndi zombo. Zimene zinachitika m'chipinda muja anandiuza ndi Sabatiya yemwe.

Bambo angawo, a Dositeyo, ndiwo ankawerenga Malemba m'Chigiriki m'sunagoge wathu wa ku Tesalonika kwa zaka makumi anayi. Sanali munthu wofatsa. Anaphunzitsa mdzukulu wawo zilembo chifukwa analibe mdzukulu wamwamuna, ndipo zimenezo ankazinena mwanayo akumva.

Atadwala, anamuitana namuuza kuti atsegule bokosi la mkungudza. M'menemo munali mpukutu wachikopa wa mmodzi wa aneneri aakulu, wolembedwa m'Chigiriki. Agogo a agogo awo ndiwo anabwera nawo kuchokera ku Iguputo.

"Ika dzanja apa," anatero. "Osati pa zilembo, chitsiru iwe, m'mphepete. Ukuudziwa msewu waukulu uja wodutsa ngolo? Tsidya lake kuli Akhristu. Ndi anthu, amatigula ubweya, amatipatsa moni, sindikukana. Koma mpukutu uwu usadzawoloke msewu umenewo. Atitengera zambiri. Uwu wokha ayi. Nena."

"Sudzawoloka msewu, agogo."

"Sindinamve."

Ananenanso mokweza. Patapita masiku atatu a Dositeyo anamwalira.

2. Mzinda umene ndinaupeza

Ndinabwerera ku Tesalonika nditakhala kunja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Sabatiya anali atakwana zaka khumi ndi zisanu. Mkuyu umene unali pakhomo pa sunagoge anali ataudula kuti amangepo khoma. Pamene tinkasambira tili ana panali nyumba yosungiramo mchere. Anthu ankandifunsa ngati ndine mlendo wofuna njira.

Sabata loyamba ndinapita kukapemphera. Mnyamata wina wochokera ku Tiberiya, m'dziko la makolo athu, anaimirira nkuwerenga m'Chiheberi, bwino kwambiri, mosaphonya ndi pamodzi pomwe. Ndinadikira kuti wina aimirire awerengenso m'Chigiriki, monga ankachitira bambo anga. Palibe anaimirira. Ndinayang'ana nkhope za anthu. Zinali nkhope za anthu amene abisala pakhonde kudikira kuti mvula ikate.

Ine Chiheberi ndimachimva, ndinachiphunzira kunjako. Mwa anthu oposa zana amene anali m'menemo, ochimva tinalipo asanu ndi mmodzi, ndipo awiri anali kuwodzera.

Mapemphero enieni ndinawapeza masana, m'bwalo la mlongo wanga Yusita, pakati pa mbiya zake za utoto. Yusita amanyika ubweya, ndipo manja ake ndi ofiira mpaka m'zigongono ngakhale pa Sabata. Amayi khumi ndi angapo anakhala pansi. Sabatiya anasamba m'manja, natulutsa mpukutu, nayamba kuwerenga.

Ankawerenga ngati agogo ake, mothamanga pang'ono. Akafika pamene pali Dzina la Mulungu ankaima. Dzinalo lokha silinalembedwe m'Chigiriki. Mlembi wakale uja analisiya m'zilembo zinayi za Chiheberi, zitaima zokha pakati pa mzere. Palibe amalitchula. Sabatiya ankapuma, nkunena kuti "Ambuye," nkupitiriza.

"Tabwereza pamenepo," anatero mayi Doksa, wogulitsa nsomba zamchere. "Akuti amene amapondereza akazi amasiye adzaona chiyani?"

Sabatiya anabwereza.

"Eya. Ndimafuna ndimvetse bwino, ndikamuuze mlamu wanga."

Amayi onse anaseka. Ine ndinayang'ana mpukutuwo. M'mphepete munali mutayamba kuthetheka. Mizere ina inali itafufutika ndithu, ndipo Sabatiya ankaidutsa osayang'ana, chifukwa anali ataisunga pamtima.

3. A Teodoto alankhula

Lachiwiri m'mawa anamwalira a Paregoriyo, nkhalamba yophunzira, womaliza mwa akuluakulu amene ankati Chigiriki chisachotsedwe m'sunagoge. Kwathu maliro sagona. Anayenera kuikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Tisanamalize kudya mkate wam'mawa, analowa a Teodoto, mkulu wa sunagoge, ndodo ili m'manja. Yusita anapukuta manja nawapatsa mpando.

"Mayi Yusita, mwambo mukuudziwa," anatero. "Mpukutu wokhala ndi Dzina sutenthedwa, sutayidwa. Ukakalamba timauika mumtsuko wadothi, nkuukwirira pambali pa munthu wophunzira. Lero tili ndi munthu wophunzira. Mipukutu itatu ya Chigiriki imene inatsala m'sunagoge ili kale mumtsuko. Watsala wa m'nyumba muno."

"Sunathe, bambo," anatero Sabatiya. "Ukuwerengeka."

"Sabatiya!" anamukalipira mayi ake.

"Msiyeni," anatero a Teodoto. "Mtsikana iwe, khala pansi umve, chifukwa sindidzabwereza. Ukuganiza kuti Chigiriki chinagwa kumwamba? Chinabwera ndi mkondo. Mfumu ya kuno ku Makedoniya, Alekizanda, inatuluka ndi ankhondo ake nkugonjetsa maiko mpaka ku Iguputo ndi kupitirira. Mzinda unowu ukutchedwa ndi dzina la mlongo wake. Iye anafa akadali mnyamata, koma chilankhulo chake sichinafe. Wofuna kugulitsa tirigu, Chigiriki. Wofuna kukadandaula kwa woweruza, Chigiriki. Makolo athu a ku Alesandriya anachiphunzira kuti adye. Ana awo anachiphunzira kuti asasekedwe. Adzukulu awo sanadziwenso china.

"Ndiye Chilamulo chikawerengedwa m'Chiheberi ankangoyang'anana. Pamenepo anachimasulira. Amati akuluakulu makumi asanu ndi awiri kudza awiri anakhala pa chisumbu mpaka ntchitoyo inatha. Pambuyo pake ena anamasuliranso aneneri ndi mabuku otsala. Anthu anasangalala. Chaka ndi chaka ankapita m'mphepete mwa nyanja kukachita phwando lothokoza. Ankati atsegulira ana awo chitseko. Sanaganize kuti ndani wina adzalowerapo.

"Patapita zaka mazana anabwera aja a tsidya la msewu. Oyambawo anali athu omwe. Mmodzi wa iwo, wosoka mahema, analowa m'sunagoge wa mzinda uno nkutsutsana ndi makolo athu, umboni wake akuutenga m'Malemba athu omwe. Makalata ake analemba m'Chigiriki. Nkhani za Mphunzitsi wawo zinalembedwa m'Chigiriki. Akafuna mawu a aneneri ankatenga m'mabuku athu omasuliridwa aja, popeza ndi amene aliyense ankawamva, kuchokera ku Siriya mpaka ku Roma. Kenaka anasokera pamodzi mabuku athu ndi awo, athu kutsogolo, awo kumapeto, nkuyamba kutchula athuwo kuti Akale. Lero pita pamsika. Wogulitsa anyezi akuuza tanthauzo la mneneri wako, ndipo mawu amene atchule ndi omwewo ali m'bokosi lakolo.

"Chiheberi sangatilande, chifukwa sachimva. Nchifukwa chake tabwerera kumeneko. Nzowawa, ndikudziwa. Koma ana amene akukula lero akuchiphunzira, ndipo ana awo sadzafunanso china."

Zonsezi anazinena m'Chigiriki chokoma kwambiri.

"Nanga inuyo, a Teodoto, Chiheberi mumachimva?" ndinafunsa. "Sabata lapita ndinakuonani mukugwedeza mutu pamene mnyamata uja ankangotchula maina a midzi."

Sanakwiye. Ananditembenukira pang'onopang'ono.

"A Yasoni, inu munachoka bambo anu ali moyo, mwabwera ali m'manda. Amene tinatsala kuno ndife takhala tikulandira miyala ya a tsidya lija pa denga la sunagoge nthawi ya Paska. Mukakhala zaka ziwiri mudzalankhule."



A Teodoto anatambasula dzanja kuti alandire mpukutu. Yusita anawerama.

"Bambo, unali wa bambo anga. Tiloleni tiusokere nsalu yatsopano, usapite wamaliseche."

Anaganiza pang'ono. "Chabwino. Dzuwa likapendeka tinyamuka. Mdzukulu wa a Dositeyo aunyamule yekha mpaka pamtsuko, ulemu umenewo ndi wake. Koma ndinene poyera. Ndamva kuti pali wina tsidya lija amene wakhala akuufunsa. Nyumba imene ipereke Dzina m'manja mwa anthu amenewo, sunagoge sadzaidziwanso."

4. Malume wophunzira

Yusita anapita kukafuna nsalu yabafuta. Sabatiya anabwera pamene ndinakhala.

"Malume, inu mumadziwa kulemba. Ukopeni."

"Lero? Mwana wa mlongo wanga, mpukutu umenewo ndi ntchito ya miyezi inayi. Ndiponso taona dzanjali." Ndinalitambasula. Linkanjenjemera.

"Ubiseni ndiye."

"Kuti? Ndimagona pa mphasa ya mayi ako. Nyumba iliyonse mumsewu uno a Teodoto amaidziwa mpaka pobisa mafuta. Ndiponso ukaubisa pachinyezi, chaka chamawa udzapeza fumbi lokhalokha."

"Alembi athu bwanji?"

"Alipo awiri. Palibe angayerekeze kulemba Chigiriki tsopano."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mabuku onse munawerenga kunjako ntchito yake nchiyani?"

"Ndingakuphunzitse Chiheberi," ndinatero. "Ndiwe wanzeru. Zaka ziwiri zokha."

"Nanga amayi? Nanga mayi Doksa? Ayambe zilembo ali ndi imvi? Iwo aja adzafa osamvanso ndi liwu limodzi, malume. Azidzangoti amen."

Anatenga mtsuko wamadzi nanyamuka. Ine ndinatenga wachiwiri nkumutsatira, popeza china chothandiza ndinalibe.

5. Pachitsime

Chitsime chathu chili m'mphepete mwa msewu waukulu, mbali yathu, ndipo a tsidya lija amawoloka kudzatunga pomwepo. Tinapezapo mayi Makirina, mkazi wamasiye, Mkhristu, amene amakopera mabuku a tchalitchi pamodzi ndi ana ake aakazi awiri. Zala zake ndi zakuda ndi inki.

"Wofiira ndi wakuda akumananso," anatero, akuloza manja a Sabatiya, ofiira ndi utoto wa mayi ake, ndi zala zake zakudazo. "Titati tigwirane chanza tingapange mtundu wanji? Ndamva za a Paregoriyo. Pepani. Anali munthu wabwino, ngakhale ankanditcha mbava."

"Mpukutu uja akufuna kuukwirira lero," anatero Sabatiya.

Mayi Makirina anaika mtsuko wawo pansi. Anali ataupempha kale mpukutuwo kawiri, ndipo kawiri konseko Sabatiya anawauza za lonjezo lija.

"Mwanawe, sindikunamiza, ndipo amalume akowa akhale mboni. Mpukutuwo ndikuufuna chifukwa cha ife, osati chifukwa cha iwe. Mabuku athu akopedwa kambirimbiri. Wina anakopera akuwodzera, wina anadumpha mzere, wina anaona ngati akukonza pamene akuwononga. Ndili ndi awiri a mneneri yemweyo, ndipo pena amatsutsana ngati akazi a mwamuna mmodzi. Wanuwo ndi wakale kuposa onse mumzinda uno. Ndikufuna ndione chimene chinalembedwa poyamba."

"Ife tipindulapo chiyani?"

"Ndidzakopera mabuku awiri. Limodzi la tchalitchi, limodzi lako. Pa lako sindidzajambulapo mtanda. Koma lidzakhala buku lamasamba ngati athu, kusoka mipukutu sindidziwa."

"Nanga Dzina?"

"Zilembo zanu zinayi zija sindizidziwa. Ife timangolemba kuti Ambuye. M'buku lako ndidzasiya malo, udzalembemo wekha ngati mwambo wanu ukulola. Ndipo uyenera kumabwera. Ndamva kuti mizere ina inafufutika, ili m'mutu mwako mokha. Iwe uzinena, ine ndizilemba. Miyezi inayi."

Madzi anali atadzaza kale nkumasefukira.

"Ndinene zonse," anapitiriza mayi Makirina. "La tchalitchilo lidzawerengedwa pamaso pa anthu, ndipo wolalikira adzanena kuti mneneri wanuyo ankanena za Khristu wathu. Zimenezo sindingaletse, ndipo sindingafune kuletsa, chifukwa ndimazikhulupirira. Agogo ako ankadziwa chimene ankakana. Komanso mpukutuwo ukangolowa pakhomo panga, akuluakulu anu sangaulande, koma iwe sindingakuteteze kwa anthu ako. Ndine mkazi wamasiye wa zala zakuda, basi."

"A Yasoni," anatembenukira kwa ine, "inu simunena kanthu? Amati mumalankhula kwambiri."

"Lero ndanyamula madzi," ndinatero.

"Anyamuleni bwino, akutayika."

Ananyamula mtsuko wawo nawoloka pakati pa ngolo. Nyumba yawo ndi yachitatu kuchokera pangodya, ya chitseko chobiriwira, ndipo imaoneka bwinobwino munthu ali pachitsime.

6. Nsalu yabafuta

Yusita anali atakhala pakhomo akusoka. Anali atasamba manja katatu kuti utoto usadetse nsaluyo. Sanakweze mutu.

"Mwachedwa. Madzi a lero anali ndi nkhani zambiri?"



"Sabatiya, khala apa undigwirire nsongayi. Ine si wophunzira ngati amalume akowa, koma ndimve. Ukuganiza kuti sizikundiwawa? Ndinakulira pa mawu amenewa. Bambo ako atamira m'nyanja, chimene chinandidzutsa pa mphasa ndi iwe, kamwana, ukuwerenga mojejema pakona apo. Akaukwirira lero, ine ndikhala ngati wogontha mpaka tsiku langa. Ndikudziwa.

"Koma munthu sakhala yekha, mwana wanga. Ubweya umene ndimanyikawu amabweretsa ndi anthu a sunagoge. Ndikadwala amabwera ndi msuzi ndi iwowo. Iwe ukadzafuna banja, adzafunsa kuti ndiwe wa nyumba iti. Ndipo ine ndikadzafa, adzandinyamula ndani? Taona lero mmene amuna akulimbirana kunyamula a Paregoriyo. Ine ndidzanyamulidwe ndi amalume ako okha, ndi dzanja lonjenjemeralo?

"A Teodoto ndi ouma mtima, koma sananame. Ine ndinaliona denga la sunagoge litabowoka. Ndinamumva mwana wa tsidya lija akunena mawu a mneneri wathu, kenaka nkutilavulira. Agogo ako anaziona zimenezo kwa zaka zambiri kuposa ine. Sanakulonjezetse chifukwa cha nkhanza."

"Agogo sananene zoukwirira," anatero Sabatiya.

"Sananene, chifukwa sanaganize kuti zidzafika pamenepo. Koma za msewu ananena. Ine ndinali pakhomo, ndinamva. Unanena kawiri."

"Akadadziwa, akadasankha chiti?"

"Sindikudziwa. Iwenso sukudziwa. Chimene tikudziwa ndi chimene unanena."

Analuma ulusi naudula. Sabatiya anatulutsa mpukutu m'bokosi. Yusita anaupsompsona m'mphepete, naukulunga m'nsalu, namanga ndi chingwe chaubweya chosanyika.

Mayi Doksa anasuzumira pampanda, fungo la nsomba lili patsogolo.

"Nzoona zimene ndamvazi? Ndiye Sabata likubwerali tizidzatani, kuyang'anana? Ine mnyamata wa ku Tiberiya uja akamawerenga ndimangomva ngati munthu watsamwa ndi munga."

"Doksa, pali maliro," anatero Yusita.

"Ndikudziwa, ndipo ndi awiri. Mtsikana iwe, tatiwerengerako kamodzi komaliza."

"Tamanga kale," anatero Yusita.

Mayi Doksa anaima pang'ono, napukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo, nachoka. Aka kanali koyamba kuwaona akuchoka chotero.

7. Msewu waukulu

Dzuwa litapendeka tinanyamuka. Kutsogolo kunali amuna onyamula thupi, akusinthana. Pambuyo pawo a Teodoto, ndi amuna awiri atanyamula mtsuko uja, wosatseka, chivundikiro ndi phula zili m'dengu. Kenaka amuna ena onse, kenaka amayi. Sabatiya anayenda kutsogolo kwa amayi, mpukutu ataukumbatira pachifuwa. Ine ndinatsalira dala kumapeto kwa amuna, pafupi naye.

Njira ya kumanda imatsata msewu waukulu, mbali yathu, mpaka pa chipata cha mzinda. Oyendetsa ngolo anaimitsa ng'ombe zawo. Akhristu ena tsidya lija anaima chilili mpaka thupi litadutsa. Mnyamata wa ku Tiberiya ankaimba salimo m'Chiheberi, ndipo anthu ankayankha pamene ankaganiza kuti mpoyankhira.

Titafika pachitsime, Sabatiya anachepetsa liwiro. Amayi anayamba kumudutsa, wina uku wina uku. Mayi ake anafika pambali pake.

"Tiye," anatero Yusita motsitsa mawu.

"Amayi, Sabata likubwerali sindidzakhala ndi chowerenga. Lotsatiranso. Koma ikamadzayamba mvula ndidzakhala nacho."

"Sabatiya, tiye."

"Malume, agwireni amayi."

Sindinamuletse ndipo sindinamuthandize. Yusita ndiye anandigwira ine, pamkono, mwamphamvu, mpaka ndinamva zikhadabo.

Sabatiya sanathamange. Anatsika pamwala wa m'mphepete, nadikira ngolo ya migolo ya vinyo kuti idutse, nayenda pakati pa ndowe za ng'ombe atanyamula mpukutu m'mwamba pang'ono kuti matope asaufike. Mayi Doksa anamuona, ndipo anayamba kulira mokweza kwambiri kuposa mmene a Paregoriyo ankayenera kuliridwira, kuti anthu ayang'ane iwo.

Sizinathandize. Mmodzi wa onyamula mtsuko anacheuka, nagwira a Teodoto paphewa. A Teodoto anakweza ndodo. Nyimbo inaduka. Onyamula thupi anaima pakati pa njira, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Anthu onse anatembenuka, ndipo ambiri sanayang'ane Sabatiya. Anayang'ana Yusita.

A Teodoto anayamba kubwerera, akudutsa pakati pa anthu, kulunjika pamene tinaima ine ndi mlongo wanga.

Tsidya lija chitseko chobiriwira chinatseguka Sabatiya asanagogode. Mayi Makirina anapukuta zala zawo pa nsalu, natambasula manja onse awiri. Sabatiya anapereka.

Mpukutu wa a Dositeyo unali utawoloka msewu.